Diso la Wosula ndi Makina a Asayansi: Kutentha kwa Chitsulo Chosungunuka Amakuyeza Bwanji?

Tsangano ndi Macanga, maboma awiri a kumtunda kwa chigawo cha Tete, amadziwika ndi mbatata ya kachewere, tirigu, chimanga ndi fodya. Fakitale yosungunula zitsulo kulibe. Komabe chitsulo chimasungunuka kumeneko tsiku ndi tsiku, m'manja mwa amisiri omwe ambiri mwa iwo sanagwirepo chipangizo choyezera kutentha. Amayeza ndi maso. Asayansi a m'malabotale akuluakulu nawonso amadalira kuwala komweko, ndipo chomwe chimawapusitsa iwo ndi chomwenso chimapusitsa mmisiri wa miphika ya aluminiyamu.

Kodi chitsulo chosungunuka munthu angachione kuti m'maboma awiriwa?

Sapita patali. Wowotcherera wa pa Furancungo akamalumikiza chitsulo cha ngolo chomwe chathyoka ndi katundu, pansi pa nsonga ya ndodo yake pamakhala kadontho ka chitsulo chamadzi kotentha kupitirira madigiri 1500. Wokonza mawailesi ndi mafoni pa Ntengo-wa-Mbalame kapena pa Chidzolomondo amasungunula solder, ndipo solder wakale uja wosakaniza tini ndi mtovu amayamba kuyenderera pa madigiri 183 okha. Miphika yokhuthala ya aluminiyamu, yomwe imapezeka m'misika ya mbali zonse ziwiri za malire a Mozambique ndi Malawi, amisiri amaipanga posungunula zidutswa za mainjini akutha, mawaya ndi miphika yobooka pamoto wa makala, kenaka n'kuthira chiphalaphalacho m'chikombole cha mchenga. Kumpoto kwa Tete kulinso okumba golide pamanja, ndipo golideyo asanafike kwa wogula womaliza amadutsa pamoto.

Chitsulo chilichonse chili ndi pake posungunukira. Tini amasungunuka pa madigiri 232, mtovu pa 327, zinki pa 420, aluminiyamu pa 660, siliva pa 962, golide pa 1064, mkuwa pa 1085. Chitsulo chenicheni, cha makasu ndi nkhwangwa, chimakana mpaka pa 1538. Tungsten, yemwe anali kawaya ka m'mababu akale a magetsi, amafuna 3422. Madigiri onsewa ndi a Celsius, muyezo womwe madzi amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Pamapiri a Tsangano amawira asanafike pamenepo.

Bwanji osangoviika choyezera m'chiphalaphalamo, nkhani n'kutha?

Chifukwa chiphalaphalacho chimadya choyezeracho. Themometa ya galasi n'kuiiwaliratu: mercury wa mkati mwake amawira pa madigiri 357. Chida chomwe chimapirira moto wotere ndi thermocouple. Ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana, owotchereredwa pamodzi kunsonga. Nsongayo ikatentha pomwe kumapeto kwina kuli kozizira, m'mawayamo mumabadwa mphamvu ya magetsi yaing'ono kwambiri, ndipo imakula malinga ndi kutentha. Thomas Seebeck wa ku Germany ndiye anatulukira zimenezi mu 1821, ndipo mu 1886 Henry Le Chatelier wa ku France anapanga thermocouple ya platinum ndi rhodium yomwe inakhala yodalirika m'ng'anjo za mafakitale. Mtundu wotchipa, wotchedwa K, umatulutsa ma millivolt 29 ukafika pa madigiri 700, ndipo umagwira ntchito mpaka cha m'ma 1200. Kupitirira apo pamafunika ya platinum, yomwe mtengo wake si wa masewera.

Vuto n'lakuti chitsulo chamadzi chimasungunula zitsulo zinzake, ngakhale zomwe pazokha sizikanasungunuka pa kutentha kumeneko. Mmisiri wa miphika amazidziwa bwino: chigubu chachitsulo chomwe amasungunuliramo aluminiyamu chimapyapyala pang'onopang'ono mpaka kubooka, pomwe moto wake uli kutali ndi 1538. Choncho mawaya aja amawaveka chivundikiro cha dothi lowotcha kapena cha graphite. Koma chivundikiro chimachedwetsa yankho, ndipo chikang'aluka ndiye kuti mawaya apita. Mafakitale opanga chitsulo anangovomereza kuluza. Amagwiritsa ntchito timitu ta thermocouple tomangiriridwa kunsonga ya chubu cha katoni: amaviika kamodzi, nambala ikuoneka m'masekondi ochepa, kamutuko katha, atenga kena.

Nanga makolo omwe ankasula makasu m'dziko la Amaravi ankadziwa bwanji kuti moto wakwana?

Dera lomwe lero ndi Macanga ndi Tsangano linali mbali ya dziko la Amaravi, ndipo dzikolo linatchuka ndi chitsulo. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi yemwe ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, anadutsa m'midzi ya Amaravi kumpoto kwa Zambezi, ndipo m'buku lake losindikizidwa mu 1854 analemba za luso lawo la zitsulo. Makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka m'midzi ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. David Livingstone naye, atafika kwa Amang'anja a ku Shire mu 1859, anapeza anthu odziwa kusungunula ndi kusula.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya. M'ng'anjo zimenezo chitsulo chenichenicho sichinkasungunuka. Moto unkakhala pakati pa madigiri 1100 ndi 1300 m'mbali zambiri za ng'anjo, ndipo mpweya wochokera m'makala unkalanda oxygen wa m'miyala ya chitsulo, n'kusiya chibulumwa cholimba chamabowomabowo. Zomwe zinkasungunuka ndi zinyalala za m'miyalayo, zomwe zimayenderera cha m'ma 1200. Luso lonse linali lakuti zinyalala zisungunuke ndi kuchoka, chitsulo n'kutsala. Moto ukachepa, zonse zinkagwirana kukhala chimwala chopanda ntchito. Wosungunula ankawerenga mtundu wa lawi pakamwa pa ng'anjo, kuwala kwa mkati mwa timapaipi tadothi tolowetsa mpweya, ndi mmene zinyalala zikuyendera.

Pachipala, mvukuto ukulira, wosula amawerenga chitsulo chenichenicho. Chikayamba kufiira moderako chili cha m'ma 600 kapena 700. Chikati psuu chafika cha m'ma 800. Mtundu wa lalanje ndi cha m'ma 900 mpaka 1000, chikasu ndi cha m'ma 1100, ndipo chikayera n'kuyamba kuthetheka chadutsa 1300, pomwe zidutswa ziwiri zikhoza kumatana ndi nyundo koma chitsulo chili pafupi kupsa. Chipala sachimangira pamthunzi chifukwa cha kuopa dzuwa kokha ayi. Padzuwa kufiira koyamba kuja sikuoneka, ndipo wosula akhoza kuphonya ndi madigiri oposa 100.

Kodi alipo amene anayezapo ng'anjo zachikalezi ndi zida za sayansi?

Alipo, ndipo chitsanzo chapafupi chili ku Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anagwira ntchito ndi akuluakulu a ku Chulu m'boma la Kasungu ndi a ku Phoka kumpoto, omwe anaiona ntchitoyi ali anyamata, ndipo anayatsanso ng'anjo monga zinkakhalira kale. Lipoti lawo linatuluka mu 1987. Ntchito inali ya magawo awiri: ng'anjo yaitali yokoka mpweya yokha popanda mvukuto, kenaka kang'anjo kakang'ono kovukuta komalizira. Makala ankalowa ochuluka zedi. Analembanso za zitsamba zoikidwa m'ng'anjo ndi za kusala kwa amuna pa nthawi ya ntchito, zomwe kwa eni ake zinali zofunika mofanana ndi makalawo. David Killick anafufuza zinyalala za m'ng'anjo za ku Kasungu ndi maikulosikopu, chifukwa timiyala tomwe timapangika zinyalala zikamazizira timaulula kutentha komwe zinadutsamo.

Ku Tanzania, Peter Schmidt ndi Avery yemweyo analemba mu 1978 kuti ng'anjo za Ahaya zinapitirira madigiri 1800 pafupi ndi polowera mpweya. Akatswiri ena anatsutsa kafotokozedwe kawo, ndipo mkangano unatenga zaka. Thermocouple imangonena za pomwe nsonga yake ili. Ng'anjo ilibe kutentha kumodzi: pakamwa pa paipi ya mpweya pamakhala moto woopsa, koma kusuntha pang'ono chabe madigiri amatsika ndi mazana. Munthu akati ng'anjo yake inafika madigiri akutiakuti, ayenera kufunsidwa kuti anayeza pati.

Kuwala kumanena bwanji za kutentha?

Chinthu chilichonse chimatulutsa cheza, ngakhale thupi la munthu, kungoti cheza cha zinthu zofunda chabe maso sachiona. Khungu limachimva: ndi chomwe chimafunditsa nkhope ya munthu wokhala chapatali ndi mbaula. Chinthu chikamatentha, cheza chimachuluka ndipo chimasunthira ku mitundu yomwe maso amaona, kuyambira kufiira. John William Draper anapeza mu 1847 kuti zinthu zolimba zimayamba kuoneka kufiira mumdima pa madigiri pafupifupi 525.

Josef Stefan mu 1879 ndi Ludwig Boltzmann mu 1884 anaonetsa kuti cheza chimakula mofulumira kuposa kutentha kwenikweniko. Powerengera kuchokera pa madigiri 273 kunsi kwa ziro, pomwe ndi pozizira pomaliza, kutentha kukawirikiza kawiri cheza chimawirikiza ka 16. Choncho chinthu chakuda bii chomwe chili pa madigiri 1538 chimatulutsa cheza chochuluka ka 14 kuposa chikakhala pa 660. Pa 1538, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amataya ma kilowatt pafupifupi 600, pomwe dzuwa la masana limapereka kilowatt imodzi pamalo ofanana. Mu 1900 Max Planck anapeza lamulo lofotokoza kuchuluka kwa cheza cha mtundu uliwonse pa kutentha kulikonse, ndipo lamulo limeneli ndilo maziko a zida zonse zoyeza kutentha popanda kukhudza.

Chida choyamba chotchuka chinali pyrometer yomwe Ludwig Holborn ndi Ferdinand Kurlbaum anapanga mu 1901. Woyeza amasuzumira m'kachubu momwe muli kababu, n'kuloza kuchitsulo chotentha. Amawonjezera magetsi mpaka kawaya ka m'babu kafanane kuwala ndi chitsulo n'kusowa m'maso mwake, kenaka amawerenga nambala. Kunena zoona, ndi diso la wosula lomwe lija, kungoti alipatsa choyerekezera. Zida za lero zili ndi kachipangizo komva cheza m'malo mwa diso, ndipo kamfuti koyezera kutentha kamene anthu anakazolowera pamipata ya m'malire nthawi ya Covid-19 ndi ka banja lomweli.

Ngati zili choncho, bwanji aluminiyamu wosungunuka safiira?

Apa ndiye pagona nkhani. Pa madigiri 700 chidutswa cha chitsulo cha khasu chimaoneka chofiira pamthunzi. Aluminiyamu wamadzi pa madigiri 700 omwewo amangoti waliwali, woyera, osaonetsa chizindikiro chilichonse masana. Kutentha n'kofanana, cheza n'chosiyana kutali.

Gustav Kirchhoff anafotokoza chifukwa chake cha m'ma 1860. Chinthu chomwe chimameza bwino cheza chobwera kwa icho chimatulutsanso bwino cheza chake. Chomwe chimabweza cheza, chonyezimira, chimaumira ndi chake chomwe. Asayansi amayeza khalidwe limeneli ndi nambala yotchedwa emissivity, yoyambira pa 0 kufika pa 1. Mwaye, makala, madzi ndi khungu la munthu zili cha m'ma 0.95. Chitsulo chadzimbiri kapena chakupsa pamwamba chili pakati pa 0.7 ndi 0.9, n'chifukwa chake diso la wosula siliphonya kwenikweni. Chitsulo cha makasu chikasungunuka n'kukhala choyera pamwamba chimatsikira pakati pa 0.3 ndi 0.4. Mkuwa, golide ndi aluminiyamu zamadzi zili pansi kwambiri, ndipo aluminiyamu wopukutidwa bwino amafika mpaka 0.05.

Kamfuti kotchipa koyezera zinthu zotentha kamachokera kufakitale katauzidwa kuti chilichonse chili ndi 0.95. Kakalozedwa pa aluminiyamu wamadzi kamalandira cheza chochepa, n'kuganiza kuti chinthucho n'chofunda chabe, ndipo nambala yake ikhoza kuchepa ndi madigiri mazana angapo. Kakalozedwa mopendekera kamawerenga chithunzi cha moto kapena cha khoma la ng'anjo chomwe aluminiyamuyo akubweza. Utsi ndi fumbi za pakati nazo zimadya gawo lina la cheza.

Kuwonjezera apo, emissivity siikhazikika. Aluminiyamu akangokhudzana ndi mpweya amamera kakhungu pamwamba ngati ka phala likamazizira. Kakhunguko kakakhuthala n'kusakanikirana ndi zinyalala, cheza chimachuluka pomwe kutentha sikunasinthe. Mmisiri akangokokolola, nambala imagwa. Imasinthanso ndi mtundu wa cheza chomwe chida chikuyang'ana, ndi mbali yomwe chaima, ndi zitsulo zina zomwe zasakanikirana.

Kwa mmisiri wa miphika zotsatira zake zimaoneka pamsika. Wodikira kuti chiphalaphala chifiire asanathire amakhala atapyola kale pabwino pothirira, pomwe ndi pakati pa madigiri 700 ndi 750. Aluminiyamu wotentha mopitirira amamwa mpweya wa hydrogen wochokera ku chinyezi, ndipo akamalimba amautulutsa n'kusiya timabowo mkati. Mphika umaoneka bwino pogula koma umayamba kuchucha kapena kung'aluka msanga. Makala apita ambiri, aluminiyamu wina wasanduka zinyalala, chigubu nacho chadyeka. Wothira mofulumira naye amapeza mphika wosatseka m'mphepete, chifukwa chiphalaphala chauma chisanadzaze chikombole.

Akatswiri amachizemba bwanji chinyengo chimenechi?

Njira yodalirika ndi kupanga dzenje. Cheza cholowa m'dzenje lakuya chimagundagunda m'makoma mpaka chamezedwa chonse, choncho pakamwa pa dzenje pamakhala pafupi ndi emissivity ya 1, kaya makomawo ndi a chiyani. Amaviika chubu chotseka kunsi m'chiphalaphala, n'kuloza pyrometer mkati mwa chubucho. Wosungunula wakale posuzumira m'paipi ya mpweya ankachita zofanana.

Njira ina ndi pyrometer yoyang'ana mitundu iwiri ya cheza nthawi imodzi n'kuyerekeza kuchuluka kwake. Ngati utsi kapena kunyezimira kwachepetsa mitundu yonse iwiri mofanana, yankho limakhalabe loona. Pa chitsulo cha makasu imathandiza. Pa aluminiyamu imavutikabe, chifukwa iye sachepetsa mitunduyo mofanana.

Nanga zoyezerazo amaziyeza ndani?

Zitsulo zosungunuka zomwezo. Chitsulo chosasakaniza chikamalimba, kutentha kwake kumaima pamodzi osasuntha mpaka dontho lomaliza litauma. Muyezo womwe maiko anagwirizana mu 1990, wotchedwa ITS-90, unakhomedwa pa malo oima amenewa: tini pa 231.928, zinki pa 419.527, aluminiyamu pa 660.323, siliva pa 961.78, golide pa 1064.18, mkuwa pa 1084.62. Kupitirira pa siliva, muyezo umatsata cheza ndi lamulo la Planck. Mabungwe oona za miyezo, monga INNOQ ku Mozambique ndi Malawi Bureau of Standards, ntchito yawo ndi kulumikiza zida za m'dziko ndi miyezo ya dziko lonse.

Kupatula kutentha, n'chiyaninso chomwe amayeza?

Choyamba ndi kuchuluka kwa moto womwe chitsulo chimamwa. Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya aluminiyamu mpaka pa 660 kumafuna ma kilojoule oposa 600. Ikafika pamenepo imamwanso ena 397 kuti ingosungunuka, themometa isakusuntha. Zonse pamodzi ndi moto wokwanira kufikitsa powira malita atatu a madzi. Ndi wochepa modabwitsa poyerekeza ndi makala omwe amathera pantchitoyi, kusonyeza kuti moto wambiri wa ng'anjo yosavundikira umangopita kumwamba.

Chachiwiri ndi liwiro lomwe kutentha kumayenda nalo mkati mwa chitsulo. Aluminiyamu wolimba ali pa 237 pa muyezo wa akatswiri, koma akasungunuka amatsikira cha m'ma 90. Kuyeza zimenezi m'chinthu chamadzi n'kovuta, chifukwa chamadzi chimazungulira chokha, chotentha kukwera chozizira kutsika, ndipo kutentha kumayenda ndi kuzungulirako n'kusokoneza yankho. Njira imodzi, yochokera ku ntchito ya W. J. Parker ndi anzake mu 1961, ndi kuwalitsa mbali imodzi ya kachidutswa kopyapyala kwa kamphindi kochepa zedi n'kuyeza nthawi yomwe mbali inayo ikufundira. Ena amayeza mmene chitsulo chikudutsitsira magetsi n'kuwerengera, potsata zomwe Wiedemann ndi Franz anapeza mu 1853, zakuti chitsulo chodutsitsa bwino magetsi chimadutsitsanso bwino kutentha.

Amayezanso kukhuthala kwa chiphalaphala, kukoka kwa pamwamba pake, ndi kufota. Aluminiyamu akamalimba amafota ndi magawo 6 kapena 7 pa 100, ndipo n'chifukwa chake mmisiri wanzeru amasiya chitsulo chowonjezera pakamwa pa chikombole kuti chidyetse mphika pouma. Zosakaniza nazo zimasintha zonse. Aluminiyamu wa m'mawaya ndi wosasakaniza kwenikweni, amasungunuka pa 660. Wa m'mapisitoni ali ndi silicon wambiri, cha m'ma 12 pa 100, amasungunuka cha m'ma 577 ndipo amayenderera bwino m'chikombole. Mulu umodzi wa zitsulo zakutha umakhala ndi mitundu yonse iwiri.

N'zoona kuti ena amasungunula chitsulo chili lende m'malere?

N'zoona. Chiwiya chilichonse chimadetsa chitsulo chotentha kwambiri, choncho asayansi anachotsa chiwiyacho. Kambulu ka chitsulo ka mamilimita ochepa amakaika pakati pa koyilo ya mkuwa yodutsa magetsi osinthasintha mofulumira. Mphamvu ya maginito imakanyamula n'kukatenthetsa mpaka kusungunuka, kosakhudza kanthu. Njirayi inaganiziridwa mu 1923 ndipo inasonyezedwa bwino mu 1952. Pyrometer imawerenga kutentha, kamera imajambula kukula kwa dontho ndi kunjenjemera kwake. Liwiro la kunjenjemera limaulula kukoka kwa pamwamba, ndipo nthawi yomwe kumatenga kuti kuleke imaulula kukhuthala. Dontho losakhudza chiwiya limatha kuzizira madigiri mazana kunsi kwa posungunukira pake likadali lamadzi, kenaka n'kulimba mwadzidzidzi likuthwanima.

Padziko pano maginito ayenera kukhala amphamvu kuti agonjetse kulemera, ndipo amapinda dontho n'kulitakasa. Mumlengalenga vutoli limachepa. Makina a ku Germany otchedwa TEMPUS anauluka pa Space Shuttle mu 1994 ndi mu 1997, ndipo mu 2014 makina ena a mtunduwu anaikidwa pa International Space Station. Ku Graz, m'dziko la Austria, amatsata njira ina: amadutsitsa magetsi amphamvu m'kawaya, kamasungunuka m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, ndipo zida zimayeza zonse kasanagwe.

Zimenezi zikukhudzana bwanji ndi chigawo cha Tete?

Kwambiri, ngakhale ng'anjo zake zili kutali. Malasha a ku Moatize, boma loyandikana ndi Tsangano, omwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kugulitsa mgodi kwa Vulcan mu 2022, mbali yake yofunika ndi ya mtundu wosungunulira chitsulo. Amadutsa panjanji m'Malawi kupita ku Nacala, n'kukathera m'ng'anjo za maiko ena momwe chitsulo chimatuluka chamadzi cha m'ma 1500. Damu la Cahora Bassa, la ma megawatt 2075, kwa zaka zambiri linali gwero lalikulu la magetsi omwe fakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo inadalira kuyambira pomwe inayamba kupanga aluminiyamu mu 2000. M'mafakitale otere miphika ya magetsi imasungidwa cha m'ma 960, ndipo kupyola ndi madigiri ochepa chabe kumadya magetsi ambiri pachabe. Kutsidya kwa malire, ng'anjo za mkuwa za ku Mufulira, Chingola ndi Kansanshi ku Zambia zimagwira ntchito kupitirira madigiri 1200.

Mafakitale amakono amayamba ayesa kathiridwe pa kompyuta asanasungunule kanthu, ndipo kompyutayo imadalira manambala ochokera ku timadontho tolendewera tija. Nambala ikalakwika, chikombole chimalakwikanso. Chigawo cha Tete chimatumiza malasha ndi magetsi, koma ntchito yoyeza, yomwe ndi ya malipiro abwino, imachitikira kwina. Wachinyamata wa ku Macanga yemwe akuphunzira za migodi ndi kukonza miyala pa Instituto Superior Politécnico de Tete angachite bwino kusazemba phunziro la kutentha.

Ndi ngozi ziti zomwe zimabwera chifukwa cholephera kuwerenga kutentha?

Yoyamba ndi aluminiyamu yemwe uja. Mphika wongotuluka m'chikombole umaoneka chimodzimodzi pa madigiri 400 ndi pa 40, ndipo mwana wodutsa sangadziwe. Yachiwiri ndi madzi. Chidutswa chonyowa, chitini chotsalira madzi kapena mchenga wachinyezi chambiri zikakumana ndi chiphalaphala, madzi amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza chitsulo chamoto. Zidutswa zonse ziyenera kuyamba zaumitsidwa pambali pa moto.

Zinki amawira pa madigiri 907, choncho wowotcherera paipi kapena lata lokutidwa ndi zinki amapuma utsi woyera womwe umabweretsa kutentha thupi ndi kuphwanya kwa mafupa usiku wake. Wowotcha golide wosakaniza ndi mercury amatulutsa nthunzi yosaoneka yomwe imawononga ubongo ndi impso, yake ndi ya onse a m'nyumbamo. Lawi la wowotcherera limaposa madigiri 5000 ndipo limatulutsa cheza chosaoneka chomwe chimapsereza maso. Ululu umayamba patapita maola, maso ali psuu. Magalasi akuda a dzuwa si chitetezo. Ndipo mtovu wa m'mabatire kapena wa solder usayandikire chigubu cha miphika: kafukufuku wa ku Cameroon wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti miphika yopangidwa ndi zitsulo zakutha imatha kutulutsira mtovu m'chakudya.

Mmisiri wa pa Furancungo yemwe ali ndi ndalama zochepa agule chiyani?

Ngati ntchito yake ndi ya aluminiyamu, agule thermocouple ya mtundu wa K yokhala ndi chivundikiro, pamodzi ndi kabokosi kake koonetsa nambala. Aifunditse kaye asanaviike, asaisiye m'chiphalaphala nthawi yaitali, ndipo aziiyesa m'madzi a ayisi wosungunuka, momwe iyenera kuonetsa 0. Madzi owira si oyesera abwino kumapiri. Kamfuti ka cheza asakakhulupirire pa chitsulo chonyezimira, komanso timfuti tambiri totchipa timalekera pa madigiri 380 kapena 550. Ngati ali nako kale kofika patali, aloze pakhoma lakuda la chigubu, podziwa kuti kunja kwa chigubu kumatentha kuposa mkati.

Yemwe alibe chida chilichonse ali ndi chizindikiro chimodzi chosanama. Malinga ngati m'chigubu mukadali chidutswa chosasungunuka, chiphalaphala chikatakasidwa chimakhala pafupi ndi posungunukira pake. Kutentha kumayamba kuthamanga chidutswa chomaliza chikangosowa. Kuyambira pamenepo mmisiri awerenge nthawi, ayese kuthira pa mphindi zosiyanasiyana ndi makala ofanana, ndipo alembe m'kope mphindi zomwe zamupatsa mphika wosachucha. Asadikire kufiira.